Kodi AI ikulemeretsa ndani? Mafunso ndi mayankho pa za chuma, ntchito ndi mafakitale

Kuyambira pa 30 Novembala 2022, tsiku limene kampani ya OpenAI inatulutsa ChatGPT, pulogalamu yocheza nayo imene imayankha mafunso ngati munthu, nkhani ya AI, nzeru za makompyuta zopangidwa ndi anthu, siilinso ya akatswiri a makompyuta okha. Yafika m'misonkhano ya nduna za zachuma, kwa eni mafakitale ndi m'mabungwe a anthu apantchito. Ena akulonjeza chuma chosaneneka, ena akuopseza kuti ntchito zonse zitha. Tasonkhanitsa pano mafunso amene amafunsidwa kawirikawiri, ndipo tayankha motsamira pa zimene zachitika kale.

Akamati AI ikulitsa chuma, akutanthauza chiyani kwenikweni?

Chuma cha dziko chimakula m'njira ziwiri. Mutha kuwonjezera anthu ogwira ntchito, minda ndi makina, kapena anthu omwewo atha kuyamba kutulutsa zambiri pa ola limodzi. Chiyembekezo chonse pa AI chagona pa njira yachiwiriyi.

Umboni wooneka bwino unachokera ku kafukufuku wa Erik Brynjolfsson, Danielle Li ndi Lindsey Raymond wa mu 2023. Iwo anatsata anthu oposa 5,000 amene ntchito yawo ndi kuyankha madandaulo a makasitomala pa kompyuta. Kasitomala akalemba vuto lake, AI inkaika pambali pa sikirini yankho limene wantchitoyo akanatha kugwiritsa ntchito, kulisintha kapena kulisiya. Pa onse pamodzi, madandaulo othetsedwa pa ola anakwera ndi 14 peresenti. Koma chosangalatsa chili mkati mwa nambalayi. Ongoyamba kumene ntchito anakwera ndi pafupifupi 34 peresenti, pamene akale odziwa bwino ntchito sanasinthe kwenikweni. AI inali itaphunzira mayankhidwe a akatswiri aja n'kumawanong'oneza kwa atsopano, moti munthu wa miyezi iwiri pantchito ankagwira ngati wa miyezi isanu ndi umodzi.

Ndiye chuma cha dziko lapansi chikwera ndi zingati?

Apa akatswiri akusiyana kutalitali. Banki ya Goldman Sachs inanena mu 2023 kuti AI ingawonjezere 7 peresenti pa chuma cha dziko lonse m'zaka khumi. Chaka chotsatira Daron Acemoglu wa ku yunivesite ya MIT ku America, amene analandira mphoto ya Nobel ya zachuma mu 2024, anawerengera za dziko la America n'kupeza kuti chuma chingakwere ndi peresenti imodzi ndi kanthu basi m'zaka khumi. Mfundo yake ndi yakuti ntchito zimene AI ingagwire bwino, komanso motsika mtengo kuposa munthu, ndi kagawo kochepa ka ntchito zonse. Womanga nyumba, namwino wosambitsa wodwala, makaniko ndi mlimi akadali ndi manja awo.

Ife tikuona kuti a Acemoglu ali pafupi ndi zoona pa zaka zoyambazi, ndipo a Goldman Sachs atha kudzakhala pafupi ndi zoona pa zaka makumi awiri kapena atatu. Chifukwa chake chili m'funso lotsatirali.

Ngati AI ndi yamphamvu chonchi, bwanji phindu lake likuchedwa kuoneka?

Funso ili si lachilendo. Mu 1987 katswiri wa zachuma Robert Solow anadandaula kuti makompyuta akuoneka paliponse kupatula m'ziwerengero zosonyeza zimene antchito akutulutsa. Panadutsa zaka pafupifupi khumi kuti ziwerengero za ku America ziyambe kusonyeza kusintha, cha m'ma 1995. Nkhani ya magetsi inatenga nthawi yaitali kuposa pamenepo, ndipo ndi imene imatiphunzitsa zambiri.

Thomas Edison anatsegula siteshoni yake ya magetsi ya Pearl Street ku New York mu 1882. Koma phindu lalikulu la magetsi m'mafakitale a ku America linayamba kuoneka m'ma 1920, patatha zaka pafupifupi 40. Katswiri wa mbiri ya zachuma Paul David anafotokoza chifukwa chake mu 1990. Fakitale yakale inkayenda ngati chigayo cha dizilo: injini imodzi, shafiti ndi lamba. Kusiyana kwake n'kwakuti injini ya nthunziyo inkazunguza shafiti yaitali yodutsa kudenga kwa nyumba yonse, ndipo makina aliwonse ankakoka mphamvu pa shafitiyo ndi lamba wakewake. Makina ankaikidwa potengera kumene shafiti yadutsa, osati potengera mmene ntchito ikuyendera. Magetsi atabwera, eni mafakitale oyamba anangochotsa injini ya nthunzi n'kuikapo mota imodzi yaikulu. Shafiti ndi malamba zinatsala momwemo, ndipo phindu linali lochepa. Zinthu zinasintha pamene m'badwo wina wa mainjiniya unapatsa makina aliwonse mota yawoyawo, n'kumanga mafakitale atsopano a nyumba yosasanja, makina atandandalikidwa motsatira njira imene katundu amadutsa. Panafunika nyumba zatsopano, akapitawo oganiza mwatsopano ndi antchito ophunzitsidwanso.

Makampani ambiri lero ali pa sitepe yoyamba ija. Agula AI n'kuiika pamwamba pa kagwiridwe kakale ka ntchito. Kalata ikulembedwa m'mphindi ziwiri m'malo mwa makumi awiri, koma ikudikirabe masiku atatu pa desiki ya bwana kuti isainidwe. Phindu lenileni lidzabwera kampani ikadzafunsa ngati kalatayo ikufunika n'komwe.

Nanga ndalama zambirimbiri zimene timamvazi zikupita kwa ndani?

Pakadali pano zikupita kwa ogulitsa zipangizo. AI imayenda pa machip apadera, tizipangizo ting'onoting'ono timene timachita masamu onse mkati mwa kompyuta, ndipo ochuluka mwa iwo ndi a kampani ya Nvidia ya ku California, imene mkulu wake ndi Jensen Huang. Mtengo wa kampaniyi pa msika wa masheya unafika madola 1 thililiyoni mu Meyi 2023, 3 thililiyoni mu Juni 2024, ndipo mu Julayi 2025 inakhala kampani yoyamba padziko kufika 4 thililiyoni.

Koma Nvidia imangojambula machipwo, siipanga yokha. Amene amapanga ndi TSMC ya ku Taiwan, kumene kumachokera pafupifupi 90 peresenti ya machip apamwamba kwambiri. Nayonso TSMC imadalira makina a kampani imodzi yokha padziko lonse, ASML ya ku Veldhoven m'dziko la Netherlands, amene amalemba timizere tosaoneka ndi maso pa chip pogwiritsa ntchito kuwala kwapadera. Makina amodzi otere amagulidwa pa madola oposa 150 miliyoni. Mukaona unyolo umenewu mumvetsa chifukwa chake boma la America linaletsa mu Okutobala 2022 kugulitsa machip apamwamba ku China, komanso chifukwa chake mkangano wa China ndi Taiwan umasowetsa tulo anthu a zachuma kulikonse.

Ogula ndi makampani ochepanso. Amazon, Microsoft, Alphabet (mwini Google) ndi Meta (mwini Facebook) pamodzi anaononga madola oposa 200 biliyoni mu 2024 pa nyumba ndi zipangizo, mbali yaikulu ikupita ku ma data centre, nyumba zikuluzikulu zodzaza makompyuta. Microsoft yokha inalengeza madola 80 biliyoni a chaka chimodzi. Kuti muone kukula kwake, chuma chonse chimene Malawi inatulutsa mu 2024 sichinafike madola 13 biliyoni.

Kodi mitengo ya masheya imeneyi siingadzagwe tsiku lina?

Ingagwe ndithu, ndipo tinalawako kale. Pa 27 Januwale 2025, kampani ya ku China ya DeepSeek itasonyeza AI yamphamvu imene inati inaphunzitsidwa ndi ndalama zochepa, mtengo wa Nvidia unatsika ndi madola pafupifupi 590 biliyoni tsiku limodzi. Unakweranso pambuyo pake. Amene akukumbukira chaka cha 2000 akudziwa kuti msika wa masheya wa Nasdaq ku America unagwa ndi pafupifupi 78 peresenti pofika mu 2002, ndipo makampani ambiri a intaneti anatha. Koma mawaya a fiber amene anakwiriridwa nthawi imeneyo anatsala, ndipo ndi amene ananyamula intaneti ya zaka zotsatira. Kugwa kwa masheya kumapweteka amene anaikamo ndalama zawo, kuphatikizapo ndalama za penshoni za anthu wamba, koma sikufafaniza luso lenilenilo.

M'mafakitale enieni, mwasintha chiyani?

AI imene ikugwira ntchito m'mafakitale si yocheza nayo ija. Ndi kamera yoyang'ana katundu akudutsa pa lamba, imene inaonetsedwa zithunzi masauzande ambiri za botolo labwino ndi botolo long'aluka, ndipo imakankhira pambali lililonse lolakwika popanda kutopa kapena kuphethira. Ndi tizipangizo tomatidwa pa mota, tomva kunjenjemera ndi kutentha, timene timachenjeza makaniko kuti chitsulo china chayamba kutha masabata angapo chisanathyoke. Makinawo amakonzedwa Lamlungu fakitale itatseka, m'malo moima Lachitatu masana antchito onse atapinda manja.

Pa maloboti, China ndi imene ili patsogolo pa kuchuluka. Mu 2023 inaika maloboti atsopano a m'mafakitale oposa 276,000, kuposa theka la onse amene anaikidwa padziko lonse chaka chimenecho. South Korea ili ndi maloboti oposa 1,000 pa antchito a m'mafakitale 10,000 aliwonse. Amazon inalengeza mu 2025 kuti yafika pa maloboti 1 miliyoni m'nyumba zake zosungiramo katundu. Maloboti ambiri akale amangobwereza zimene anauzidwa, koma AI ikuwapatsa maso oti athe kutola chinthu chimene sanachionepo.

Zimenezi zikukhudza maiko osauka m'njira imene sitiikamba mokwanira. Japan, South Korea, China, Vietnam ndi Bangladesh anakwera poyamba ndi mafakitale a zovala, nsapato ndi zipangizo, chifukwa antchito awo anali otsika mtengo. Loboti ikatsika mtengo kuposa wantchito, mwini fakitale sakhalanso ndi chifukwa chosamukira kudziko la malipiro ochepa. Makwerero amene ena anakwerapo atha kuchotsedwa ife tisanapondepo. Mwamwayi, kusoka nsalu kukadali kovuta kwa maloboti chifukwa nsalu imapindika ndi kutamuka, choncho mpata udakalipo, koma si wamuyaya.

Ku mbali ya mankhwala, AI yotchedwa AlphaFold ya kampani ya Google DeepMind inalosera maonekedwe a mapuloteni (tizinthu tomanga matupi a zamoyo) oposa 200 miliyoni, ntchito imene kale puloteni imodzi inkatha kudya zaka za wofufuza. Demis Hassabis ndi John Jumper analandira nayo mphoto ya Nobel mu 2024.

N'chifukwa chiyani nkhani ya AI imathera pa magetsi?

Chifukwa funso lililonse limene mwalemba pa foni yanu limayankhidwa ndi makompyuta enieni, otentha, ofuna magetsi ndi madzi oziziritsira. Bungwe la International Energy Agency linawerengera kuti ma data centre anadya pafupifupi 1.5 peresenti ya magetsi onse a padziko lapansi mu 2024, ndipo likuyembekezera kuti magetsi amenewa adzaposa kuwirikiza kawiri pofika 2030. Ku Ireland, ma data centre anadya 21 peresenti ya magetsi onse a dzikolo mu 2023. Mu Seputembala 2024 Microsoft inasaina mgwirizano wa zaka 20 woti gawo lina la siteshoni ya nyukiliya ya Three Mile Island ku Pennsylvania, limene linatsekedwa mu 2019, litsegulidwenso. Gawo limenelo lokha limatulutsa mamegawati oposa 800, kuposa magetsi onse amene Nkula, Tedzani ndi Kapichira amatulutsa pamodzi pa mtsinje wa Shire.

Kwathu kuno tikudziwa tanthauzo la zimenezi. Namondwe Ana ataononga Kapichira mu Januwale 2022, mamegawati pafupifupi 130 anachoka kwa nthawi yoposa chaka. Ku Zambia chilala cha 2024 chinaphwetsa madzi a Kariba moti madera ena ankakhala maola oposa 20 patsiku opanda magetsi. Palibe kampani ingamange data centre yaikulu pamalo otero. Kenya inakopa Microsoft ndi kampani ya G42 ya ku United Arab Emirates kulengeza ntchito ya madola 1 biliyoni mu Meyi 2024 chifukwa cha magetsi ochokera ku nthunzi ya pansi pa nthaka ku Olkaria, amene sadalira mvula. Ndondomeko iliyonse ya AI imene siyambira pa magetsi ndi pepala chabe.

Kodi ntchito yanga itha?

Zikutengera ntchito yake, ndipo palibe chifukwa chobisa kuti ena apwetekedwa. Bungwe la IMF linanena mu Januwale 2024 kuti pafupifupi ntchito 40 pa 100 zilizonse padziko lapansi zikhudzidwa ndi AI: 60 m'maiko olemera, 26 m'maiko osauka. Kukhudzidwa sikutanthauza kutha, chifukwa pafupifupi theka la ntchito zokhudzidwa m'maiko olemerawo zitha kupepukitsidwa m'malo molandidwa. Bungwe loona za ntchito padziko lonse la ILO linapeza kuti zoopsezedwa kwambiri ndi ntchito za ukalaliki, monga kulemba, kulowetsa ziwerengero ndi kuyankha mafoni, ndipo ambiri ogwira ntchito zimenezi ndi amayi. Amene amagwira ntchito m'ma call centre a ku Cape Town, Durban ndi Manila, oyankha makasitomala a ku Britain ndi America, ali pamzere woyamba.

Komabe olosera amaphonya kawirikawiri. Mu 2016 Geoffrey Hinton, mmodzi mwa akuluakulu a luso limeneli, ananena kuti asiye kuphunzitsa madokotala owerenga zithunzi za X-ray chifukwa makompyuta awaposa m'zaka zisanu. Mpaka lero zipatala za ku America ndi Britain zikusowabe madokotala amenewa. Kuwerenga chithunzi ndi gawo limodzi chabe la ntchito yawo. Kampani ya ku Sweden ya Klarna inalengeza mu 2024 kuti AI yake ikugwira ntchito ya anthu 700 oyankha makasitomala, koma mu 2025 mkulu wake anavomereza kuti kuthamangira kuchepetsa ndalama kunatsitsa ubwino wa thandizo, ndipo anayambanso kufuna anthu.

Chimene chikutidetsa nkhawa kwambiri ndi achinyamata ongomaliza sukulu. Ntchito zing'onozing'ono zimene munthu amaphunzirirapo, monga kukonza malipoti, kufufuza mafayilo ndi kulemba makalata oyamba, ndi zomwezo AI ikuchita mosavuta. Kampani ikasiya kulemba oyamba kumene, m'zaka khumi idzawapeza kuti akatswiri?

Tamva kuti pali anthu a ku Africa amene amaphunzitsa AI. Ndi zoona?

Ndi zoona. AI imaphunzira pa zitsanzo zimene anthu asankha ndi kuikapo zizindikiro. Mu Januwale 2023 magazini ya Time inaulula kuti antchito a ku Nairobi, olembedwa ndi kampani ya Sama, ankawerenga nkhani zonyansa za nkhanza ndi kugwiririra kuti ChatGPT iphunzire kuzipewa, ndipo ankalandira ndalama zosakwana madola 2 pa ola. Ena mwa iwo ananena kuti ntchitoyo inawasokoneza maganizo. Ntchito yotereyi imabweretsa ndalama zakunja, koma ili pansi penipeni pa unyolo, ndipo imasamuka msanga pakapezeka dziko lina lotsika mtengo.

Kodi mkuwa wa ku Zambia ukulowapo bwanji?

Ukulowa m'njira ziwiri. Data centre, mawaya opita kumeneko, mathiransifoma ndi mamota a maloboti, zonsezi zimafuna mkuwa wambiri, ndipo Zambia ndi yachiwiri mu Africa pa mkuwa, pambuyo pa Congo. Boma la a Hakainde Hichilema linaika cholinga chofika matani 3 miliyoni pachaka pofika 2031, kuchokera pa matani oposa pang'ono 800,000 a mu 2024.

Njira yachiwiri ndi yofufuzira miyala. Kampani ya ku America ya KoBold Metals, imene ena mwa oikamo ndalama ndi thumba loyambitsidwa ndi Bill Gates, inalowa mu ntchito ya Mingomba pafupi ndi Chililabombwe mu 2022. Imasonkhanitsa mapu akale, malipoti a ofufuza a zaka zambiri zapitazo ndi zoyeza za pansi pa nthaka, n'kugwiritsa ntchito AI kusankha pobowola. Chitsime chimodzi chofufuzira chozama kupitirira kilomita chimadya ndalama zambiri, choncho kuchepetsa zitsime zophonya ndi phindu lalikulu. Mu Febuluwale 2024 kampaniyi inalengeza kuti mkuwa wa ku Mingomba ndi wochuluka komanso wapamwamba kwambiri. Zinkadziwika kale kuti pamalopo pali mkuwa, ndiye tisanene kuti kompyuta inatulukira mgodi payokha. Boma la Zambia lili ndi gawo kudzera mu kampani yake ya migodi ya ZCCM-IH. Funso lalikulu ndi lakale lomwe lija la ku Copperbelt: kodi mkuwawo udzatuluka m'dziko ngati zigumu, kapena ngati waya wopangidwa ku Ndola ndi Kitwe?

Mlimi wa kumudzi ku Malawi angapindule chiyani?

Apa ndi pamene tikuona chiyembekezo chenicheni. Mlangizi mmodzi wa boma amayang'anira mabanja oposa 1,000, ndipo sangafike pamunda uliwonse nthawi imene mbozi zayamba. Mu 2024 bungwe la Opportunity International linayesa Ulangizi, AI ya pa WhatsApp yoyankha m'Chichewa ndi m'Chingerezi potengera buku la malangizo la Unduna wa Zaulimi. Mlimi, kapena womuthandiza amene ali ndi foni yamakono, amajambula tsamba la chimanga lobooka, lokhala ndi utuchi pamtima pa mmera, n'kutumiza. Yankho limabwera nthawi yomweyo: dzina la chirombo, mankhwala ake, ndi nthawi yopopera. Ntchemberezandonda zikagwidwa sabata yoyamba, munda umapulumuka.

Malire ake ndi odziwikanso. Mafoni amakono ndi ochepa kumudzi, bandulo ndi yodula, netiweki imathawa, ndipo malangizo abwino sagula feteleza kapena kukweza mtengo wa nandolo. AI imalakwitsanso, ndipo imalakwitsa molimba mtima, makamaka m'zinenero zimene ili nazo zitsanzo zochepa monga Chichewa. N'chifukwa chake mlangizi wa thupi ndi magazi ayenera kukhalapobe kuti aone yankho lisanafike pa botolo la mankhwala.

Kodi maiko athu apange AI yawoyawo?

Kupikisana ndi OpenAI kapena Google pomanga AI yaikulu kuyambira pansi kungakhale kumwaza ndalama zimene zikanagula mankhwala. Ngakhale maiko a ku Ulaya akuvutika nazo. Koma pali zinthu zimene tingathe ndipo palibe adzatichitire. Makampani monga Meta, Mistral ndi DeepSeek atulutsa ma AI amene aliyense angatenge n'kuwaphunzitsa zina, ndipo zimenezo sizifuna mabiliyoni. Zimafuna makompyuta obwereka, anthu odziwa ntchito ndi zitsanzo zathu: mawu a Chichewa, Chitumbuka ndi Chiyao ojambulidwa ndi kulembedwa bwino, zithunzi za matenda a mbewu zathu, mbiri ya mvula ya maboma athu, ziwerengero za zipatala zosungidwa motetezeka.

Zina zayambika. Mu Malichi 2025 Cassava Technologies ya Strive Masiyiwa wa ku Zimbabwe inalengeza mgwirizano ndi Nvidia woika machip a AI m'ma data centre ake, kuyambira ku South Africa, kuti ofufuza a mu Africa azibwereka pafupi. African Union inavomereza ndondomeko yake ya AI mu Julayi 2024 ku Accra. Ku Malawi, yunivesite ya MUST ku Thyolo inatsegula likulu la AI mu 2023, ndipo lamulo loteteza zinsinsi za anthu pa makompyuta linakhazikitsidwa mu 2024. Lamulo limenelo likufunika mano, chifukwa makampani akunja adzabwera kudzapempha ziwerengero za odwala ndi alimi athu posinthana ndi thandizo laulere. Boma lililonse likamasaina mgwirizano wotero lilembetse momveka kuti ziwerengerozo ndi za ndani, zisungidwa kuti, ndipo ophunzira athu a ku MUST, MUBAS ndi UNZA ya ku Zambia adzaloledwa kuzigwiritsa ntchito popanda kulipiranso.